Kusokanso Chofunda cha Zigamba

Mzinda wa Mzuzu uli pamalo okwera, kumpoto kwa mapiri a Viphya, ndipo munthu aliyense amene anagonako m'miyezi ya Juni ndi Julayi amadziwa kuti chisanu chake si chamasewera. M'mawa nkhungu imaphimba mitengo, mvula yamawawa nkumagwa pa nyengo imene madera ena auma kale. Mzindawu si wakale ayi. Unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pamene kunatsegulidwa minda ya mitengo ya tung, imene mbewu zake ankayenga mafuta opangira penti, ndipo unalandira ulemu wotchedwa mzinda mu 1985. Ena mwa anthu amene anabwera kudzagwira ntchito anachokera kumalo otentha a m'mphepete mwa nyanja, monga Nkhata Bay ndi Karonga. Kwawoko nsalu imodzi inali yokwana kufunda usiku, koma ku Mzuzu zinthu sizinali choncho, ndipo banja la ana asanu silikanatha kugulira mwana aliyense bulangete lakelake.

Pa vuto lotere amayi a m'mayiko ambiri anapeza njira yofanana, ndiyo kulumikiza zigamba. Mayi amatola zidutswa zimene telala wataya pansi pa makina ake, nang'amba mbali zolimba za malaya akutha, za diresi imene yamuchepera mwana, ndi za chitenje chimene chabooka pakati koma m'mphepete chikadali bwino. Zidutswazi amazidula mofanana kapena kungozilumikiza monga zabwerera, kenaka nkuziyala pamwamba pa bulangete lakale kapena nsalu ina yokhuthala, ndi kusoka mizere yodutsa ponseponse kuti zigwirane. Chotuluka pamenepo ndi chofunda cha zigamba. Wosoka sakhala ndi maganizo olemba mbiri, iye amangofuna kuti ana agone mofunda. Komabe chimene wasokacho chimasanduka kaundula wa nsalu zimene banjalo linavala pa zaka zambiri: yunifolomu ya sukulu, kaki wa bambo wa kuntchito, nsalu ya pa ukwati, mbereko ya mwana woyamba.

Nsalu si mwala kuti ikhale mpaka kalekale. Imasuluka padzuwa, imadyedwa ndi njenjete ndi chiswe, ndipo ku Mzuzu chinyezi chimaiwoletsa msanga. Tsono mdzukulu akafuna kuti chofunda cha agogo ake chisatheretu, chimene angachite ndi kusoka china chofanana nacho chakalecho chisananyenyeke. Ntchito imeneyi ili pawiri. Mbali yoyamba ndi kutengera kadulidwe ndi kasokedwe, ndipo imeneyi munthu wa dzanja labwino ndi wofatsa amaitha. Mbali yachiwiri ndi kupeza nsalu zofanana ndi zakalezo. Apa ndi pamene pagona nkhani, pakuti sitolo imene inkagulitsa nsaluzo inatsekedwa, fakitale imene inkaziwomba inasintha makina, ndipo utoto umene ankanyikira sukupangidwanso monga kale.

Dziko limene luso losokanso zofunda zakale linakula kwambiri ndi la America, ndipo chitsanzo chotchuka ndi cha mayi Jane Stickle wa ku Shaftsbury m'chigawo cha Vermont. Mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo ili mkati, mayiyu anamaliza chofunda chimene mpaka lero chimazizwitsa akatswiri. Pakati pake pali timabwalo ta ngodya zinayi 169, kalikonse kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo kalikonse kali ndi kalumikizidwe kakekake. M'mphepete muli zigawo za ngodya zitatu 52 ndi zina zinayi za m'makona. Pa kona imodzi iye anasokapo dzina lake, chaka, mawu osonyeza kuti inali nthawi ya nkhondo, ndi chiwerengero cha zidutswa zonse, chimene ndi 5,602. Chofundachi chimasungidwa ku Bennington Museum, ndipo amachionetsa kwa anthu masabata owerengeka okha pachaka poopa kuti kuwala kungachisulutse.

Mayi wina amene anali mphunzitsi wa masamu, Brenda Papadakis, anachita chidwi ndi chofundachi, nayeza kabwalo kalikonse ndi kukajambula papepala. Mu 1996 anatulutsa buku lotchedwa Dear Jane, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku America, ku Ulaya, ku Japan ndi ku Australia akhala akusoka zofunda zotengera cha Jane Stickle. Ena zimawatengera zaka zingapo kuti amalize. Chimene chimawathandiza nchakuti kumeneko kuli makampani amene ntchito yawo ndi kudindanso nsalu zakale. Amapita kunyumba zosungiramo zinthu zakale, nafunafuna mabuku amene mafakitale a zaka za m'ma 1800 ankamatamo tizidutswa ta nsalu iliyonse imene apanga, ndipo amajambula maluwa ake nkuwadinda pa nsalu yatsopano ya thonje.

Akatswiri a kumeneko amatha kuuza munthu zaka za chofunda pongoyang'ana mitundu yake. Kale utoto wonse unkachokera ku zomera, tizilombo ndi dothi. Wobiriwira modera ngati thambo unkachokera ku masamba a chitsamba cha indigo, wofiira ku mizu ya chomera chotchedwa madder. Kuti apeze mtundu wa msipu ankanyika nsalu kawiri, mu utoto wa indigo ndi mu wachikasu, ndipo chifukwa wachikasuwo unkasuluka msanga, masamba ambiri a pa nsalu zakale lero amaoneka amtambo. Mu 1856 mnyamata wa ku England, William Perkin, anapanga utoto woyamba wochokera ku phula la malasha, ndipo mu 1897 kampani ya BASF ya ku Germany inayamba kugulitsa indigo wopangidwa m'fakitale. Motero chigamba chokhala ndi utoto wa m'fakitale sichingakhale cha m'nthawi imene utotowo unali usanabadwe. Nsalu imaulula msinkhu wake ngati mano a mbuzi.

Munthu wa ku Chibavi, ku Chiputula kapena ku Zolozolo amene angafune kusokanso chofunda cha agogo ake sadzapeza sitolo ya nsalu zodindidwanso zoterezi. Ayenera kuyamba wadziwa yekha nsalu zimene zinadutsa m'chigawo cha kumpoto, ndi nthawi imene iliyonse inafika.

Poyamba penipeni anthu ankavala zikopa ndi nyanda, imene ena amati chiwondo, yosulidwa kuchokera ku khungwa la mitengo monga mombo. Kumwera, m'chigwa cha Shire, Amang'anja ankalima thonje nkumawomba nsalu yolimba yotchedwa machila, ndipo David Livingstone anaziona zimenezi ndi maso ake mu 1859. Nsalu ya kutsidya kwa nyanja yamchere inalowa kumpoto ndi amalonda otchedwa Abalowoka, amene anawoloka nyanja ya Malawi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 nakhazikika ku Nkhamanga, m'boma la Rumphi la masiku ano. Iwo ankagula minyanga ya njovu polipira nsalu, mikanda ndi makasu, ndipo ufumu wa Chikulamayembe unaphuka pa malonda amenewa. Masiku amenewo nsalu sinali chinthu choti nkudula zigamba. Inali chuma ndi chizindikiro cha ufumu.

Nsalu imene inatchuka koposa m'zaka za m'ma 1800 inali merikani, yoyera mofwifwa, yokhuthala ndi yolimba. Dzina lake likuulula kwawo. Inkawombedwa m'mafakitale a ku Massachusetts, ndipo amalonda a ku doko la Salem ankaitengera ku Zanzibar, makamaka dziko la America litapangana za malonda ndi mfumu Seyyid Said mu 1833. Kuchokera ku Zanzibar ndi ku Kilwa inkasenzedwa pamitu mpaka kunyanja ya Malawi. Mbiri ya nsalu imeneyi ndi yomvetsa chisoni munthu akailondola bwino. Thonje lake linkalimidwa ndi akapolo a chikuda m'minda ya kumwera kwa America, ndipo nsaluyo ikafika kwa Jumbe ku Nkhotakota, kapena pambuyo pake kwa Mlozi ku Karonga, inkagula minyanga ndi akapolo enanso. Nkhondo ija ya 1861 mpaka 1865, imene Jane Stickle anaitchula pa chofunda chake, inadula malonda amenewa. Mafakitale a ku Bombay ndi ku Manchester anaona mpata nayamba kuwomba nsalu yofanizira, nkumaigulitsa ndi dzina lomwelo. Ina mwa nsalu yofanizirayi ankaipaka zinthu zoilimbitsa kuti ioneke yokhuthala, koma ikangochapidwa kamodzi inkasanduka yopyapyala. Choncho merikani amene anthu ambiri a kumpoto anavala m'masiku a amishoni sanali wa ku America konse, linangotsala dzina.

Pambali pa merikani panali biliwita, imene Aswahili amati kaniki, nsalu ya ku India yonyikidwa mu indigo mpaka kuda. Amayi anaivala zaka zambiri ngati chilundu, ndipo okalamba ena akukumbukirabe dzina lake. Iyonso inatsanziridwa ndi mafakitale ena utoto wa m'fakitale utatchipa.

Singano yachitsulo, ulusi wa pa chikulungo ndi lumo lodulira nsalu zinafala ndi amishoni a Livingstonia. Iwo anayamba ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, natsegula Ekwendeni mu 1889, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe. Pa zaka zoyambirira ndalama zachitsulo zinali zosowa, motero antchito a mishoni ndi a kampani ya Mandala ankalandira malipiro awo mu nsalu, yoyezedwa m'mikwamba. Atsikana a m'sukulu za mishoni ankaphunzira kusoka kwa akazi a amishoni ndi aphunzitsi aakazi ochokera ku Scotland. Pamalo pamene nsalu ndiyo ndalama, kachidutswa kotsala podula malaya sikatayidwa wamba.

Itafika nthawi ya Atsamunda, mitundu ya nsalu inachuluka. Amuna a Chitonga, Chitumbuka ndi Chingoni amene anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg ankabwerako ndi mabulangete, majekete, ndipo ochita mwayi ankabwera ndi makina osokera a Singer. Amwenye anatsegula masitolo, atelala nkumakhala pakhonde. Kaki anakhala chovala cha mesenjala, wapolisi ndi mwana wa sukulu. M'zaka za m'ma 1930 nsalu zotchipa za ku Japan zinadzaza m'masitolo, chifukwa mapangano akale a mayiko a ku Ulaya okhudza malonda a m'chigawo cha Congo, m'mene Nyasaland anawerengedwamo, sankalola Angerezi kutsekereza katundu wa mayiko ena. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda a Chimwenye achoke kumidzi akakhale m'matauni anayi okha, ndipo Mzuzu inali imodzi mwa matauniwo, pamodzi ndi Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Anthu a kumpoto ofuna nsalu ya m'masitolo amenewa anayenera kubwera ku Mzuzu.

Nanga chitenje, chimene Mmalawi aliyense amachiyesa chovala cha makolo? Ichonso chinayamba ngati chotengera. Pa chilumba cha Java, m'dziko limene lero ndi Indonesia, anthu ankalemba maluwa pa nsalu ndi phula losungunula asanainyike mu utoto, luso lotchedwa batik. Adatchi, amene ankalamulira chilumbacho, anayesa kupanga nsalu yofanana nayo pa makina kuti akagulitse komweko. Fakitale ya ku Helmond imene lero imatchedwa Vlisco, yomwe inayamba mu 1846, inali imodzi mwa mafakitale otero. Ku Java malondawo sanayende bwino. Koma cha m'ma 1890 wamalonda wa ku Glasgow, Ebenezer Brown Fleming, anayamba kutumiza nsalu za mtundu umenewu ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, ndipo kumeneko anazikonda, pamodzi ndi timing'alu ta utoto timene phula linkasiya likasweka. Pambuyo pake mafakitale ena anayamba kudinda nsalu zotchipa zotsanzira za phulazo, mpaka kujambulira dala timing'aluto. Dzina loti java limene amayi amatchula pogula chitenje ndi chikumbutso cha ulendo wautali umenewu.

Mu 1967 kampani ya David Whitehead and Sons inatsegula fakitale ku Blantyre, ndipo thonje lolimidwa m'dziko muno linayamba kuwombedwa ndi kudindidwa konkuno. Chofunda cha zigamba chosokedwa ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980 sichingalephere kukhala ndi nsalu ya fakitale imeneyi. Lamulo la kavalidwe la 1973, limene linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi kufikira pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera, linapangitsa chitenje kukhala chinthu chosasiyana nacho mayi. Panalinso nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya Kamuzu, imene mbumba inkavala povina. M'masiku amenewo palibe mayi wanzeru amene akanayerekeza kudutsitsa lumo pa nkhope imeneyo. Choncho chofunda chimene chili ndi chigamba cha nsaluyi chodulidwa mosasamala chiyenera kuti chinasokedwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994. Fakitale ya Whitehead inafooka kaunjika ndi nsalu zakunja zitachuluka, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto.

Wosokanso uja akapita ku msika wa Taifa mu Mzuzu adzapeza zitenje zambirimbiri zolowera ku Tanzania, zina zodindidwa komweko, zina ku China ndi ku India. Maluwa ena akale amabweranso, pakuti mafakitale amatengerana. Koma maso okha sakwanira. Nsalu zambiri za masiku ano ndi zosakaniza ndi poliyesitala, ndipo njira yodziwira ndi kusolola ulusi pang'ono nkuutentha: wa thonje umanunkha ngati pepala nusiya phulusa lofewa, pamene wa poliyesitala umasungunuka nuuma ngati mkanda. Nsalu yatsopano iyenera kuchapidwa isanadulidwe, kuopa kuti ingadzafupike pambuyo pake ndi kukwinya chofunda chonse. Pali funso linanso lovuta, loti atengere mtundu uti, umene chigamba chili nawo lero kapena umene chinali nawo tsiku limene agogo anachisoka. Mtundu woyambawo umapezeka pofunyulula msoko, pakuti m'kati mwake dzuwa ndi sopo sizinafikemo kwenikweni. Ena amanyika nsalu yatsopano mu tiyi kuti ioneke yokalamba. Kutero sikulakwa ngati cholinga ndi kukongoletsa, koma agogo aja sanasoke chinthu chofwifwa, anasankha mitundu yowala, ndipo chotengera chosuluka dala chimawanamizira kuti analibe diso.

Chinthu chotengera chimabweretsanso mlandu wa mwini. Harriet Powers anabadwa kapolo m'chigawo cha Georgia mu 1837. Atamasulidwa anasoka chofunda cha zigawo 11 zosonyeza nkhani za m'Baibulo, ndipo chinaonetsedwa pa chionetsero cha mumzinda wa Athens m'chigawo chomwecho mu 1886. Mphunzitsi wina wachizungu, Jennie Smith, anafuna kuchigula koma mayiyo anakana. Patapita zaka zingapo umphawi unamupana, nachigulitsa pa madola 5 okha, atafotokoza tanthauzo la chigawo chilichonse, ndipo wogulayo analemba zimene anamva. Lero chofundacho chili ku Smithsonian mumzinda wa Washington. Mu 1992 bungweli linaloleza kampani ina kuti isoketse ku China zofunda zambiri zotengera chimenechi ndi zina zakale, nkumazigulitsa motchipa. Amayi osoka a ku America anakwiya kwambiri. Anati zotengerazo zikupha msika wa osoka a m'dzikomo, ndipo pakapita zaka anthu adzalephera kusiyanitsa chenicheni ndi chofanizira. Ndi chifukwa chake osoka osamala amalemba kumbuyo kwa chofunda dzina lawo, chaka, ndi dzina la amene anasoka choyambacho.

Nkhani yofanana kwambiri ndi ya ku Mzuzu ndi ya ku Liberia, kumene chofunda choyambacho chinasoweratu. Martha Ann Ricks anabadwa kapolo ku Tennessee cha m'ma 1817. Bambo ake atawombola banja lawo, anasamukira ku Liberia mu 1830. Mayiyu anakula akulemekeza Mfumukazi Victoria chifukwa cha zombo za Angerezi zimene zinkalondera gombe kuletsa malonda a akapolo, ndipo anasoka chofunda cha nsalu yoyera yosalala chokhala ndi mtengo wa khofi, masamba ake obiriwira ndi zipatso zofiira, kuti akampatse. Mu Julayi 1892, ali nkhalamba, anafikadi ku Windsor Castle nakumana ndi mfumukaziyo. Kumene mphatsoyo inapita pambuyo pake sikudziwika, ngakhale ofufuza aifunafuna. Mu 2017 wailesi ya BBC inafotokoza za amayi a ku Caldwell, pafupi ndi Monrovia, amene anasoka china m'malo mwake. Iwo analibe chigamba chakale ngakhale chimodzi choti ayerekezerepo.

Kumpoto kwa Malawi maumboni alipo, koma ndi omwazika. Ku Stone House, nyumba imene Dr Laws ankakhala ku Livingstonia, kuli zithunzi ndi katundu wa m'masiku a mishoni. Mu Mzuzu momwemo muli nyumba yosungiramo zinthu zakale za mitundu ya anthu a kumpoto. Ku Zomba kuli malo osungira zikalata za boma, ndipo ku Mandala mu Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi zithunzi zakale zochuluka. Vuto nlakuti zithunzi za nthawi imeneyo ndi zakuda ndi zoyera basi. Zimaonetsa kukula kwa maluwa ndi kavalidwe kake, koma sizinena ngati nsaluyo inali yofiira kapena yamtambo.

Umboni wa mitundu uli m'masutikesi ndi m'mabokosi a amayi okalamba a ku Ekwendeni, ku Bandawe, ku Embangweni ndi m'makomboni a mu Mzuzu, ndiponso m'mitu mwawo, pakuti ambiri amakumbukira sitolo imene anagula nsalu, mtengo wake ndi dzina limene ankaitchula. Koma chitenje sichikhalitsa m'bokosi. Chikatha ulemerero wake wa kutchalitchi chimakhala mbereko, kenaka nkhata yosenzera madzi, kenaka chomangira ufa popita kuchigayo, potsiriza chopukutira pansi. Zimene zasungidwa bwino koposa, zimene mwini wake ankazikonda nazisunga zosavala, kawirikawiri ndi zomwezo zimene abale amamufunditsa pa tsiku la maliro ake.